Kalata ya Pakhoma la a Nambewe

Cholakwa changa chinali chimodzi, ndipo ndichinena poyera: ndinakhala zaka ziwiri ndikudutsa pafupi ndi kalata yopachikidwa pakhoma, Loweruka lililonse, koma osaima n'kuiwerenga. Si kuti Chingerezi chinkandivuta ayi. Ndinkaopa kuti mwini kalatayo, poti anali munthu wamkulu, aganiza kuti ndikumukayikira. Ulemu umenewo ndi umene unandilekanitsa ndi banja langa. Sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni, inu owerenga, chisoni ndinathana nacho kalekale. Ndikulembera aliyense amene akufuna kuphunzira unamwino kudzera m'timasukulu ta m'mbali, tija timalonjeza kuti yunivesite idzavomereza zonse zimene waphunzira kumeneko.

Zinachitika m'zaka za m'ma 1970. Amuna anga anatumizidwa ndi boma kukaphunzira zachuma payunivesite yaikulu ya ku North York, kufupi ndi Toronto, ndipo anapatsidwa zaka zisanu, osapitirira. Ine ndinali nditaphunzira unamwino ndi uzamba pachipatala china cha mishoni m'chigawo chapakati, n'kugwirapo ntchito zaka zinayi. Ana amene anabadwira m'manja mwanga sindingawawerenge. Koma titafika ku Canada anandiuza kuti satifiketi yanga ndi yaing'ono, sindingatchedwe nayo namwino. Ntchito imene ndinapeza inali ya kunyumba yosungirako okalamba: kusambitsa, kudyetsa, kuyala mabedi. Ine amene ndinkasoka mabala ndi kubaya jakisoni, sankandilola ngakhale kupereka m'bulu umodzi wa mankhwala a mutu. Zinkandiwawa, ndisaname.

Chaka choyambacho chisanathe ndinabereka mwana wamkazi, Tiyanjane. Ndikuyamwitsa, m'kafulati kathu ka m'mwamba m'nyumba yosanja, ndinalumbira mumtima kuti amuna anga akamadzakwera ndege ndi digiri yawo, inenso ndidzakwera nayo yanga. Tidzabwerera tonse atatu, aliyense ndi chake. Vuto linali lakuti digiri ya unamwino inali ya zaka zinayi zophunzira tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndinali ndi khanda kumsana ndi ntchito m'manja.

Amalawi kumeneko nthawi imeneyo tinali ochepa kwambiri, ngakhale kuphatikiza ndi anzathu a ku Zambia sitikanadzaza basi imodzi. Kamodzi pamwezi tinkakumana Lamulungu masana kunyumba kwa a Chimwaza, bambo wachikulire amene kwathu anali mkulu wa mpingo ndipo kuno ankagwira ntchito kubwalo la ndege. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi mayi wina wachizungu wa imvi, amene anagwirapo unamwino kumishoni kwathu zaka zambiri asanabwerere kwawo. Anthu a kumudzi anawapatsa mfunda wa Nambewe, ndipo iwo ankanyadira dzinalo kuposa lawo lenileni. Anandipatsa moni m'Chichewa chakupsa, atagwira mkono mwaulemu ngati mayi wa kwathu. Atamva kuti amayi anga ondibereka ndi Nambewenso, anandikumbatira amvekere, “Ndiye kuti ndiwe mwana wanga!” Ndinalira, anthuni. Munthu ukakhala kutali, mawu otero amakulowa mpaka m'mafupa.

A Nambewe anali ndi kasukulu kawo ku Mississauga, m'zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya nsapato. Ankaphunzitsa makosi afupiafupi a unamwino Loweruka lokhalokha, kosi iliyonse miyezi inayi: kasamalidwe ka mabala, mankhwala, kapangidwe ka thupi la munthu, ndi zina. Anandifotokozera kuti yunivesite ina ya mumzinda, imene inali ndi sukulu ya anamwino, inayendera makosi awowo n'kuwavomereza. Kosi iliyonse ukakhoza, yunivesite imakuwerengera ngati kuti unaphunzira komweko, zimene eniake amati makirediti. Anati ndikamaliza makosi asanu ndi imodzi, ndidzalowa payunivesite chaka chachitatu, osati choyamba. Ndinawerenga ndi zala: zaka ziwiri kwa a Nambewe, ziwiri payunivesite, ndendende nthawi imene amuna anga adzamalize. Ndinaona ngati Mulungu wandiyankha pamaso.

Tsiku loyamba kufika pakasukuluko, anandilozera kalata ili m'felemu yagalasi, pakhoma kuseri kwa tebulo lawo. Chizindikiro cha yunivesite chinali pamwamba, chidindo pansi. “Umboni ndi umenewo,” anatero, n'kupitiriza kundithirira tiyi. Kuti ndiiwerenge ndikanayenera kuzungulira tebulo, kuima kumbuyo kwawo iwo ali chikhalire, n'kuyamba kupenda mzere ndi mzere. Mwana woleredwa kwathu angachite zimenezo kwa munthu amene wangomutcha kumene mwana wake? Ndinangoti zikomo, maso pansi.

Mundimvetse bwino. Kwathu ine ndinalowa sukulu ya unamwino chifukwa cha kalata ya mzungu wa kumishoni, mizere itatu yokha, ndipo palibe anafunsa zambiri. Mawu a munthu wotere ankatsegula zitseko. Komanso tinachokera m'dziko limene masiku amenewo munthu wofunsafunsa ankadziputira mavuto. Tinaphunzira kuvomera msanga n'kusunga mafunso m'mimba. Khalidwe limenelo ndinalinyamula m'sutikesi pamodzi ndi zitenje, osadziwa kuti kunoko munthu wosafunsa amamuona ngati wamvetsa zonse.

Ndinayamba. Loweruka lililonse ndinkasiyira amuna anga mwana, n'kukwera basi, sitima yapansi panthaka, kenako basi ina, ulendo wa maola awiri kupita kokha. Nthawi yozizira ndinkaima pasiteji sinowo akundimenya kumaso, zala zitauma gwa m'magolovesi, ndikuloweza mayina a mafupa. Tinalipo amayi khumi ndi awiri, ena a ku Jamaica, ena a ku Philippines, ena a ku India, tonse anamwino kwathu koma osambitsa okalamba kuno. Kuphunzitsa kokha a Nambewe ankaphunzitsa, pamenepo sindingawanamizire. Ankakuuza chinthu mpaka chikulowe. Ndikakhoza kosi ankandipatsa satifiketi ya m'mbali mwagolide, ine n'kukaisunga m'Baibulo.

Chenjezo linabwera, koma ndinalikankha ndekha. Mnzanga wina wa ku Jamaica, amene tinkagwira limodzi kwa okalamba, anandifunsa tsiku lina tikupinda nsalu za pabedi ngati ndinapitako kuyunivesiteko kukamva kuchokera pakamwa pawo. Ndinamuyankha mwamatama kuti mayi amene uja ndi mayi anga, anatumikira anthu a kwathu zaka zambiri, sangandinamize. Iye anangokweza mapewa n'kunena kuti iye ngakhale mayi ake omubereka amawapempha lisiti. Ndinamuona ngati munthu wopanda mwambo, ndipo sabata yonseyo sindinadye naye limodzi.

Zaka ziwiri zitatha, ndinavala diresi langa la kutchalitchi, n'kutenga masatifiketi anga asanu ndi limodzi, ulendo ku ofesi yolembera ophunzira kuyunivesite ija. Mayi wa mu ofesimo anandilandira bwino. Anayala mapepalawo patebulo, n'kukatenga fayilo m'kabati, n'kuiwerenga. Kenako ananditembenuzira kope la kalata yomwe ija ya pakhoma kuti ndiwerenge ndekha. Inali yaifupi. Inkati yunivesite yayendera kosi imodzi yokha, ya kasamalidwe ka mabala, ndipo idzaiwerengera ngati theka la phunziro limodzi, kwa zaka ziwiri zokha, pambuyo pake kosiyo iyenera kuyenderedwanso. Zaka ziwirizo zinatha ine ndisanapondeko n'komwe ku Canada. Palibe anabweranso kudzapempha kuti kosiyo iyenderedwenso. Makosi enawo yunivesite inali isanawamvepo.

Ndinafunsa ngati pali chilichonse, ngakhale chochepa, chimene angandiwerengere. Anapukusa mutu. Koma mawu amene anandipyoza mtima anali otsatira: anati ndi satifiketi yanga ya kusekondale ndi zaka zimene ndinagwira ntchito kwathu, akanandilandira chaka choyamba zaka ziwiri zapitazo, ndikanangobwera kudzafunsa. Bwenzi tsopano ndili pakati pa ulendo. Safunsa anadya phula, mwambi umenewu ndinkaudziwa kuyambira ndili wamng'ono, koma tsiku limenelo ndi limene ndinamva kukoma kwa phulalo.

M'sitima pobwerera sindinalire. Mtima unkangotentha. Loweruka lotsatira ndinapita ku Mississauga monga mwa masiku onse, ndinapeza kalasi yadzaza, pali ndi atsikana atsopano anayi. Sindinakhale pansi. Ndinazungulira tebulo lija, a Nambewe ali chikhalire, n'kuchotsa felemu pamsomali. Kuseri kwake kunali fumbi. Ndinaiwerenga mokweza, kuyambira pachizindikiro mpaka pachidindo, mawu ali nganganga.

A Nambewe anafiira nkhope yonse, n'kundilankhula m'Chichewa kuti enawo asamve. “Mwanawe, amayi ako anakulera chonchi?”

“Anandilera kuti ndizilemekeza akulu, Mayi,” ndinayankha, “ndipo ndakulemekezani zaka ziwiri. Tsopano auzeni anzangawa m'Chingerezi zimene kalatayi ikunena.”

Anayamba kufotokoza kuti akhala akufuna kulembera yunivesite, kuti zinthu zidzakonzeka, kuti maphunziro awo ndi abwino kuposa a kuyunivesite komweko, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwina mumtima mwawo ankakhulupiriradi zimenezo. Ndimaganiza kuti anali munthu wozolowera kuti mawu ake ndi okwanira, monga zinkakhalira kumishoni, ndipo ankaona ngati n'kudzichepetsa kupempha anyamata a kuyunivesite kuti adzamuyese. Koma kudzikuza kwawo analipira ndife. Ndinaika felemuyo patebulo, osaibwezera pakhoma, n'kutuluka. Amayi asanu ananditsatira pamasitepe.

Nkhani inafika kwa a Chimwaza ine ndisanafike kunyumba. Lamulungu la msonkhano anandiitanira kukhitchini, n'kulankhula motsitsa mawu. “Mayi, nkhani imeneyi tingoifogeta. Mzungu ameneyu amatihelupa zambiri, ndi iye amasainira anthu athu mapepala. Mukamakomplena chonchi, tonse tioneka osayamika.”

Ndinawayankha nditagwira manja mwaulemu. “Bambo, ndakumvani. Koma mwezi wamawa kukubwera mkazi wa a Zulu kuchokera ku Chipata, nayenso ndi namwino. Mumutumizanso komweko?”

Titatha kupemphera, nthawi ya zolengeza, ndinaimirira osapatsidwa mpata, n'kufotokoza zonse mmene zinayendera. Ena anayang'ana pansi, ena anandiyang'ana ngati ndavula pagulu. Kwa miyezi ingapo dzina langa linali “mayi wamwano uja,” ndipo panali amayi ena amene ankati Canada wandilowa m'mutu. Ndinkapitabe kumsonkhanoko, n'kumakhala kutsogolo, n'kumaimba mokweza kuposa onse. Wolakwa sindinali ine, ndiye ndikanabisala chifukwa chiyani?

Kuyunivesite nako sindinawasiye. Ndinalemba makalata, ndinapita maulendo osawerengeka, mpaka mayi wa mu ofesi uja ankangoseka akandiona pakhomo. Pempho langa linali limodzi: ngati mapepala anga simukuwakhulupirira, yesani mutu wanga. Pamapeto pake anandilola kulemba mayeso a phunziro la uzamba, n'kukaonetsanso m'chipatala zimene ndimadziwa. Ndinakhoza bwino lomwe, ndipo anandichotsera phunziro limenelo. Unali mpumulo wa mtima, koma zaka sizinachepe ngakhale ndi mwezi umodzi, chifukwa ntchito ya m'mawodi inkayenda chaka ndi chaka, yosadumphika. Zaka zinayi zinali zinayi basi, pamene amuna anga anatsala ndi ziwiri.

Amuna anga ndi munthu wofatsa, wosakonda phokoso. Anandiuza kuti madzi akatayika saoleka, tingodikira amalize tizipita kwathu, ndikapitirize ntchito yanga yakale kumishoni, palibe adzandiseke. Ndinakana. Ndinawauza kuti ndinabwera ndi kapepala kamene anthu anakanyoza, ndipo sindibwerera ndi komweko nditawonjezapo masatifiketi asanu ndi limodzi ongokongoletsa Baibulo. Tinakangana masiku ambiri. Potsiriza anati, “Chabwino, yambani, za kutsogolo tidzaziona.” Ndinalowa chaka choyamba ndili mayi wamkulu, pakati pa atsikana ongochoka kumene kusekondale, amene ankandifunsa ngati kwathu kuli zipatala. Ntchito kwa okalamba ndinaisunthira Loweruka ndi Lamulungu.

Za kutsogolo zija zinafika. Amuna anga anamaliza, ndipo boma linkawafuna pantchito, panalibe zokambirana. Tiyanjane anali ndi zaka zinayi. Ndinayesa njira zonse m'mutu, koma m'mawodi tinkalowa mbandakucha, Loweruka ndi Lamulungu ndili kuntchito, ndipo m'bale woti n'kumusiyira mwana kunalibe. Tinagwirizana kuti apite ndi bambo ake, akaleredwe ndi azakhali ake, mlongo wa amuna anga, ku Zomba. Kubwalo la ndege mwanayo ankasangalala ndi nsapato zake zatsopano, osadziwa kanthu. Anandibayibitsa ngati ndikupita kukagula buledi. Ndinaima pagalasi mpaka ndege inazimirira, kenako ndinakakwera basi kubwerera kukachipinda kamene ndinachita lendi kwa mayi wina wamasiye.

Zaka ziwiri zimenezo sindizifotokoza zambiri. Kalata inkatenga masabata kuti ifike. Telefoni kunalibe yoti n'kumva mawu a mwana. Ndinkalandira chithunzi kamodzikamodzi, n'kumaona kuti watalika, tsitsi amumeta, wavala diresi limene sindinamugulire ine. Ndinkawerenga ngati wamisala, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikalephera phunziro limodzi lokha, ndawonjezera chaka china. Sindinalephere. Tsiku lolandira digiri, amene anabwera kudzandiombera m'manja anali mnzanga wa ku Jamaica uja, ndi mkazi wa a Zulu, amene anapita kukafunsa yekha kuyunivesite sabata yomwe anafika ndipo anali kale m'chaka chachitatu. Kasukulu ka a Nambewe kanali katatsekedwa.

Nditafika ku Zomba, Tiyanjane anatuluka m'nyumba atagwira chitenje cha azakhali ake. Atamuuza kuti apereke moni, anagwada patali, n'kunena mwaulemu wonse, “Muli bwanji?” ngati mmene mwana woleredwa bwino amachitira ndi mlendo. Ndinadziuza kuti ndi manyazi chabe, zitha. Patapita masiku atatu anaponda botolo losweka pabwalo, phazi n'kung'ambika. Ndinathamanga, ine namwino wa digiri, wodziwa mabala kuposa aliyense pamalopo. Nditangomugwira mwendo anakuwa, n'kundikankha ndi manja onse awiri: “Ndisiyeni! Ndikufuna amayi!” Azakhali ake anabwera n'kumunyamula, iye n'kukhala chete. Ine ndinaima pambali, ndikuwauza mmene angatsukire balalo, ndi mmene angamangire bandeji.

Inu owerenga, ena a inu munena kuti ndinalakwa kutsalira, kuti mayi weniweni akanasiya sukulu n'kutsata mwana. Nenani, pakamwa ndi panu. Ine pa kutsalira sindipepesa munthu. Digiri imeneyo ndaphunzitsa nayo anamwino ambiri, ndipo palibe anandiletsanso kupereka mankhwala. Pochotsa felemu pakhoma paja sindipepesanso, ngakhale anandinena mwano. Chimene ndimadziimba nacho mlandu ndi tsiku loyamba lija, pamene ndinayang'ana pansi n'kunena zikomo. Mphindi ziwiri zokha zikanakwana, ndipo tikanabwerera tonse atatu monga ndinalumbirira.

Tsono ndikupempheni. Wina akakuuzani kuti makosi ake yunivesite imawavomereza, musamve kwa iye, pitani kwa eniake. Afunseni kuti ndi kosi iti yeniyeni, amaiwerengera zochuluka bwanji, chilolezocho chinayamba liti ndipo chitha liti, ndipo akulembereni papepala lokhala ndi dzina lanu musanapondeko m'kalasi. Musanyengeke ndi chidindo, musanyengeke ndi imvi, ngakhale ndi Chichewa chokoma cha munthu amene akukutchani mwana wake. Munthu wachilungamo sakwiya ukamupempha umboni, amakupatsa yekha m'manja. Akakwiya, dziwani kuti mwapeza yankho. Akakunenani kuti ndinu amwano, vomerani dzinalo, silipha munthu. Ndipo inu akuluakulu amene mumalandira anthu athu kumaiko a eni, lekani kutseka ana pakamwa pofuna kusunga ubale ndi anthu okuthandizani. Amene amalipira kukhala chete kumeneko si inu.

Tiyanjane lero ndi mayi wa ana ake atatu. Timagwirizana, timaseka limodzi, ndipo nkhani yonseyi ndinamufotokozera atakula, iye n'kunena kuti akumvetsa. Ndimakhulupirira kuti amanena zoona. Koma mpaka lero mwana wake akatentha thupi, amene amayamba kuwaimbira foni ndi azakhali ake, ine namwino ndimamva mawa lake.